Ndinasintha Chilengezo cha Anapiye Mwana Wanga Osadziwa

Inu owerenga, ndinakankhira mwana wanga mlandu umene ndinapalamula ndekha, ndipo ndinachita zimenezi pamaso pa alendo.

Ndinali kalaliki ku fakitale kuno ku Kafue mpaka kupuma ntchito. Pepala sinditaya ine. Ngakhale lisiti la misomali lili ndi failo yake. Nditapuma ndinayamba kugulitsa anapiye ku Shimabala, ndipo mwana wanga wamkazi, Tisa, anati tizilengeza pa intaneti, kuti munthu akasaka anapiye pa foni dzina lathu lizituluka pamwamba.

Anandifotokozera kuti malo apamwambawo amalonda amapikisanirana ngati pa okushoni, pomwe wopereka zambiri ndiye amatenga katundu. Umauza makina chimene ukufuna pa ndalama zako: anthu ambiri odina chilengezo, kapena ochepa amene angaimbe foni kuti agule. Iye anasankha oimba foni.

"Ba Tate, osagwirako, ka," anatero. "Mashini ikali kuphunzira bantu bathu. Ipatseni masabata."

Lachisanu lililonse ndinkapita ku kasitolo ka ku Nangongwe kukasindikiza lipoti la chilengezocho. Odina anali ochepa, ndipo zinandikwiyitsa. Ine ndinakulira mu ofesi momwe nambala yaikulu ndiyo inali umboni wa ntchito. Ndani amalipira kuti anthu achepe? Tsiku lina Tisa atapita ku Lusaka, ndinatenga pasiwedi m'failo, ndinalowa pa tsamba la chilengezo, n'kusankha njira ya odina ambiri. Sindinauze munthu.

Sabata yotsatira nambala inakwera mokondweretsa, mpaka ndinaidula mzere wofiira kunsi. Koma foni inali zii. Makina aja anachita zimene ndinawauza: anandibweretsera aliyense wodina motchipa, ongoyang'ana zithunzi ndi ena okhala kutali amene sakanabwera kudzagula. Ndalama za mwezi wonse zinatha msanga, chilengezo n'kuzima. Mwanapiye sadikira wogula. Anadya, anakula, anapanikizana m'khola, ena n'kuyamba kufa.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndinaponya failo patebulo pamaso pa amayi ake ndi alendo awiri a mumpingo. Ndinati sukulu yake ndi yopanda pake, wandiphera nkhuku. Mumtima ndinkakayikira kale kuti vuto ndi ine, koma pakamwa sipanaleke.

Tisa anatsegula tsamba loonetsa zonse zimene zinasinthidwa ndi tsiku lake. Anatembenuzira foni kwa ine ndekha, alendo osaona.

"Ba Tate," anatero chapansipansi, "iyi siku nenze ku Lusaka."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati makina amanama. Tisa anangobwezera chilengezo mmene chinalili, ndipo patapita masabata foni inayambanso kulira. Koma iye anali atasamukira kale kwa azakhali ake ku Lusaka. Akaimba amalankhula ndi amayi ake, ine amangonditumizira moni. Alendo aja mpaka lero amadziwa kuti wolakwa anali Tisa.

Makinawo ndimakwiya nawobe, chifukwa amalola nkhalamba kuwononga ntchito ya mwezi ndi chala chimodzi osaifunsa kawiri. Koma chalacho chinali changa.

Inu amalonda anzanga, musanasankhe njira dzifunseni chimene mukufuna kwenikweni: odina kapena ogula. Mukasankha, ipatseni nthawi. Ndipo mwana akakubisirani manyazi, vomerani pomwepo alendo asananyamuke. Ine ndinadikira, ndipo tsopano ndiyenera kugogoda makomo atatu kukapepesa: la Tisa ndi a alendo awiri aja.