Nyali zisanu ndi zinayi za Che Twaibu

Ine ndine Iness wa mandasi pamsika wa Mponela, ndipo pakamwa panga palibe chitseko. Koma lero sindinena za ine. Ndikuuzani za Che Twaibu, mmisiri wokhoma zidebe, amene ndinayandikana nawo zaka khumi ndi ziwiri, iwo kho kho kho ndi hamala, ine ndi chiwaya changa.

Anachoka ku Machinga kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya cha ku Kasakula. Msana utawakana, anaphunzira kudula malata. Ndowa, makheni othirira kudimba, mbaula, makoloboyi, zonse zinkatuluka m'manja mwawo. Anali Msilamu yekhayo mumzere wathu, munthu wamfupi, wosayankhulayankhula. Ine wa Mvano ndinkawaputa kuti, "Che Twaibu, mubwera liti tidzakubatizeni?" Iwo amati, "Tsiku lomwe mudzasiye kulongolola." Mpaka lero sanabatizidwe.

Chaka cha 1993 chinali cha nyali ndi tambala. Pa riferendamu, ofuna zipani zambiri anavotera nyali, ofuna chipani chimodzi anavotera tambala wakuda. Kuno ku Dowa tambala ndiye analira kwambiri, koma dziko lonse nyali inapambana, ndipo anthu ambiri zinawakhala pakhosi.

Mu Disembala kwa Che Twaibu kunabwera a Solomoni, mzungu woboola mijigo, amene ankakhala ndi akazi awo a Rute m'mbali mwa msewu waukulu. Anali Ayuda, anthu omwe ife tinkangowamva m'Baibulo. Anatulutsa kapepala kojambula: makoloboyi ang'onoang'ono asanu ndi anayi pa chitsulo chimodzi, wapakati wotalikirapo. Che Twaibu sanafunse kuti nza chiyani. Anatola zitini za mkaka, pofika madzulo chinthu chija chinali chitaima.

Lachitatu dzuwa litalowa, pazenera la a Solomoni panayaka nyali ziwiri. Mawa lake zitatu. Mkuja zinayi. Aaa, Mponela! Mphekesera inathamanga kuposa minibasi: "Mzungu uja akuwerenga mafumu amene wawagulira a matipate. Nyali imodzi, mfumu imodzi. Ndipo wamukhomera ndi Myao uja." Ndisaname, nanenso ndinapita kukawerenga.

A Vinsenti, wapampando wa komiti ya msika, amenenso ankaimba kwaya ku Katolika, anafika Lolemba atavala jekete kunja kukutentha.

"Achimwene, ife kuno sitifuna zosokoneza. Pofika Loweruka malo ano mukhale mutachokapo."

Che Twaibu anangoti, "Ndamva," nkupitiriza kukhoma. Koma hamala inkaphonya. Munthu wa ana asanu, wopanda munda kuno, kwawo anachokako kalekale, akanalowera kuti? Mtima unandiwawa, ndipo ndinapsa mtima ngati wothamangitsidwayo ndine.

Ndinazimitsa moto, nkulunjika kwa a Solomoni ufa uli m'manja. "Bambo, nyali zanu zikuotcha munthu! Zichotseni pazenera."

Nditafotokoza, a Rute anagwira pakamwa. A Solomoni anayankha m'Chichewa chawo chopunduka kuti imeneyi ndi Hanuka, chikondwerero cha masiku asanu ndi atatu, ndipo mwambo wake umati nyali ziyake poonekera anthu odutsa. "Kubisa sitingabise, mayi. Koma chitseko titha kutsegula. Lachitatu abwere onse, komiti yonse. Ndipo inu mutikazingire mandasi, pa Hanuka timadya zokazinga m'mafuta."

Chipembedzo cholamula anthu kudya mandasi! Ndinati ichi nchabwino ndithu.

Lachitatu kamvula kanawaza nkusiya. M'nyumbamo munali kampingo kawo konse, Ayuda asanu ndi awiri basi, ena atachokera ku Lilongwe. Ife tinadzaza mpaka pakhonde: amayi a Mvano, a Zioni awiri, shehe wa kumzikiti, ndi a Vinsenti ali ndi kope m'manja, maso akusakasaka makadi a chipani pansi pa mipando.

Tisanayambe, Che Twaibu ananong'oneza kuti nthawi ya swala yakwana, atuluke kaye akapemphere. A Rute anati ayi, kunja kwanyowa, nkuwayalira mkeka kuchipinda pamodzi ndi shehe. Tonse tinadikira, ngakhale ine ndinakhala chete.

Kenako a Solomoni anafotokoza. Kalekale mfumu ina inaletsa makolo awo kupembedza monga mwa chikhalidwe chawo, inkafuna aliyense achite chimodzimodzi. Apa a Vinsenti anatsokomola, ine ndinati tafa. Koma nkhani inapitirira: makolowo atalanditsa Kachisi wawo, anapeza mafuta a nyali okwana tsiku limodzi, koma anayaka masiku asanu ndi atatu. Nchifukwa chake amawonjezera nyali imodzi tsiku lililonse.

"Nanga yachisanu ndi chinayi?" anafunsa a Vinsenti, cholembera chili chire. "Ikuimira ndani?"

"Imeneyo ndi wantchito, imangoyatsa zinzake."

Anaimba mdalitso m'chinenero chawo, nkuyatsa imodzi imodzi, ndipo panalibe koloboyi ngakhale mmodzi wodontha. A Rute anati nafe tiimbeko yathu. Ife a Mvano tinayambitsa ya Khirisimasi, a Zioni anaombera m'manja, ndipo posakhalitsa besi inamveka kumbuyo. Anali a Vinsenti, kope lili m'thumba, mandasi m'dzanja. Anadya asanu, ndinawerenga.

Koma anatuluka osanena kanthu za msika. Lachinayi zii. Lachisanu zii.

Loweruka m'mawa ndinapeza Che Twaibu atamanga kale zipangizo zawo m'thumba la feteleza, wilibala yobwereka ili pambali. Misozi inandilengeza. Ndili mkati mokonza mawu oti ndikawalalatire a komiti, a Vinsenti anatulukira atanyamula ndowa yakale, yobooka pansi ngati sefa. Anaiika pamapazi pa Che Twaibu, maso ali kumbali.

"Mayi akunyumba akuti muimate. Ndidzatenga Lolemba."

Che Twaibu anaitembenuza ndowa ija, nkuisuzumira padzuwa. "Lolemba mudzandipeza kuti, a Tcheya?"

"Iii, inunso! Pompano, kuti kwinanso?"