Kajuzi Kofiira ka Yamikani

Ndikukumbukira chaka chimene dzuwa linatisambula ife a ku Dedza. Ndinali mu sitandade folo, tikukhala m'mudzi wina m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Inu amene munakulira kumeneko mukudziwa kuti mdani wathu tinkamudziwa mmodzi yekha, ndiye mphepo. M'mawa nkhungu inkameza phiri lonse, madzi a m'ndowa ankaluma zala, ndipo kusukulu pensulo inkakana kugwirika mpaka nthawi yopuma. Munthu wamkulu wa kwathu ukamuvula jekete ndiye kuti wamuvula ulemu. Za kutentha tinkangomva kwa anthu ochokera kumunsi, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, ndipo tinkawamvera chisoni chapakamwa chabe.

Sikuti Okutobala sankatentha. Ankatentha, koma mwaulemu, kufika masana, madzulo n'kutsazika. Chaka chimenecho kutentha kunabwera ndi mphasa yake. Nyenje zinkayamba kulira tisanasukusule n'komwe. Nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, mapiko akukwekwereza pansi. Mtsinje umene tinkathirira dimba unasanduka mchenga, amayi n'kumafukula maenje kufunafuna madzi amatope. Kabichi anafota, masamba a mbatata ya kachewere anapsa m'mbalim'mbali, ndipo mjigo unkachita kukhosomola usanatulutse kalikonse. Kusukulu malata ankathetheka pamwamba pathu mpaka aphunzitsi anatisamutsira pansi pa mkuyu, kumene tinkagona tulo tabwino kwambiri nthawi ya masamu. Koma atate anapitabe kutchalitchi ndi jekete lawo lakuda, thukuta lili kamukamu, akuti munthu sapita pamaso pa Mulungu ngati akupita kudimba.

M'nyumba mwathu munali khanda, mlongo wanga Yamikani, amene anali atangoyamba kumene kukhala yekha pansi. Pakati pa ine ndi iye panabadwa mwana wina, Chikondi, amene sanakhalitse. Anamwalira ndi chibayo mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa. Pamaliropo amayi ena ananong'onezana kuti mwanayo sankafunditsidwa bwino, ndipo mawuwo anafika m'makutu mwa amayi anga. Nthawi imeneyo n'kuti akumulukira kajuzi ka ulusi wofiira, katatsala mkono umodzi. Anakapinda singano zili momwemo, n'kukaika pansi penipeni pa sutikesi. Anakatulutsanso ali oyembekezera Yamikani, ndipo anamaliza mkono uja.

Choncho Yamikani ankavala ngati akupita kukagona pamwamba pa phiri. Thewera, kamalaya, kajuzi kofiira kaja, masokosi, kachipewa kofika m'makutu, shawelo pamwamba, kenaka chitenje. Ukamulandira unkachita kufufuza kuti mwana ali mbali iti. Palibe amene ankadabwa, poti ana onse a kwathu ankaleredwa choncho, kaya ndi Juni kaya ndi Okutobala. Amayi anga ankangoonjeza pang'ono, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. Kajuzi ankakachapa m'mawa, iwo n'kukhala m'nyumba atamufungatira mwanayo mpaka kaume.

Loweruka lina amayi anati tikumbe mbatata yotsala tikagulitse ku Chimbiya isanaphikikire m'nthaka. Atate anatsogola ndi thumba panjinga. Amayi anasenza dengu la kabichi, ine ndinabereka Yamikani. Ndikanena kuti ndinali ngati ndabereka mbaula musaganize kuti ndikukokomeza. Thukuta linkatsika kumsana kwanga mpaka m'miyendo, fumbi la m'njira linkawotcha zala ngakhale ndinavala patapata, ndipo mitengo ya masuku imene tinkapumirapo masiku onse inali ndi mthunzi wong'ambikang'ambika. Yamikani analira kwambiri titangonyamuka. Titafika pakati pa njira analeka, ife n'kuyamika kuti wagona.

Ku Chimbiya msewu unkanyezimira patali ngati pathiridwa madzi, ndipo phula linkamata kumapazi. Makondakitala a minibasi ankaitana anthu ndi mawu osasa, matawulo ali m'khosi. Ogula ankangoloza miyulu ya mbatata ali pawindo, osafuna kutsika. Atate anatitulira thumba n'kupita kukamatitsa chubu chimene chinaphulika m'njira. Amayi atatha kuyala malonda ananditula mwana kuti amuyamwitse.

Yamikani anakana bere. Sanakane ndi ukali monga ankachitira akakwiya, anangolisiya pakamwa, mutu uli lende. Amayi anapisa dzanja m'shawelo ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Thupi lake linali moto. Liwombo linali litalowa m'kati, milomo itauma, ndipo thewera limene anamuveka m'mawa linali louma gwa.

"Mayo ine, mphepo yamulowa!" anakuwa amayi.

Musawaseke. Chikondi naye anayamba ndi kutentha thupi, ndipo kwathu mwana akatentha thupi mankhwala oyamba anali bulangeti. Amayi anamasula chitenje cha m'chiuno mwawo n'kumukulunganso nacho. Anzawo ogulitsa tomato anathamangira pomwepo, wina akuti mufunditseni atuluke thukuta, wina akupereka mpango wake, wina akutchula agogo ena odziwa mankhwala a liwombo. Onse ankamufunira zabwino. Ine ndinangoima chilili, poti nkhope imene amayi anali nayo ndinali nditaionapo kale.

Kumbuyo kwa malo athu ogulitsira kunali golosale ya Abiti Juma, mayi wachisilamu amene anakulira ku Mangochi n'kudzakwatiwa kuno. Ana tonse tinkawadziwa chifukwa mwezi wa Juni ankavala majuzi awiri, n'kumaotha mbaula kuseri kwa kauntala akudandaula kuti dziko lino Mulungu analiiwala pogawa dzuwa. Tinkawaseka mobisa. Tsiku limenelo anatuluka atamva phokoso, anasuzumira m'mulu wa nsalu uja, ndipo sanafunse chilolezo kwa munthu.

"Amake Tadala, mwanayu mukumuphika. Bwerani naye pakhonde pano."

Tadala ndine. Amayi anawatsatira, koma atamukumbatira Yamikani zolimba.

"Wazizidwa, Abiti. Ndi mmene anayambira mnzake uja."

"Akukhosomola? Akubanika?"

"Ayi."

"Ndiye si mphepo imeneyi, achemwali. Ili ndi dzuwa. Kwathu timalidziwa."

Pakhondepo panali mthunzi, ndi fungo la sopo ndi palafini. Abiti Juma anagwada n'kuyamba kumusenda mwanayo. Anachotsa chitenje, mpango wa eni ake, shawelo, masokosi. Atachotsa kachipewa tsitsi linali litamatirira kumutu, ndipo m'khosi monse munali tinsungu tofiira. Amayi ankangoyang'ana, akupuma mwabefu. Koma dzanja la Abiti litafika pa batani la kajuzi, amayi analigwira pamkono.

"Aka kokha ayi."

"Amake Tadala..."

"Ndinaika kale mmodzi m'manda chifukwa cha mphepo. Anthu anati sindinkamufunditsa. Uyunso ndimuvule ndi manja angawa, pamsika, anthu akuona?"

Chimwalirireni Chikondi ndinali ndisanawamvepo amayi akutchula mawu amenewo. Amayi a tomato aja anayang'ana pansi. Ndinkayesa Abiti Juma akalipa, poti pakamwa pawo sipankachedwa, makamaka kwa anyamata oyedzamira khoma la golosale. Koma anabweza dzanja lawo n'kukhala pansi pasimenti, miyendo atatambalala ngati ali pakhomo pawo.

"Inenso ndinaika wanga, woyamba," anatero motsitsa. "Wanga anapita ndi dzuwa ngati lomweli, ndili naye kumsana. Sindingakuvulireni mwana wanu mokakamiza. Muvuleni nokha, koma musachedwe."

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Ndinkamva nyenje, hutala ya minibasi, ndi kupuma kwa Yamikani kothamanga ngati kwa kamwanapiye. Amayi anayang'ana kumsewu ngati akufuna atate, koma atate kunalibe. Kenaka anayamba kumasula mabatani. Zala zawo, zimene zinkaluka ngakhale akucheza osayang'anako, zinkaphonya mabowo. Anatulutsa kamkono kamodzi, kenaka kenako, misozi ikugwera pamimba pa mwanayo. Kajuzi anandipatsa ine. Kanali konyowa ndi kolemera ngati katuluka m'beseni.

Abiti Juma anatunga madzi mumtsuko umene unkakhala kuseri kwa chitseko, ananyika chitenje n'kuyamba kumupukuta m'khosi, m'khwapa ndi m'miyendo. Ine anandipatsa chibenthu cha katoni kuti ndizikupiza. Kwa amayi anapereka kapu yamadzi, itatha inanso, akuti bere lipeze chotulutsa, poti nawonso chichokereni kumudzi anali asanamwe kanthu. Ndinakupiza mpaka mkono unachita dzanzi. Ndinkaopa kuti ndikangoleka, mlongo wanga apita kumene kunapita Chikondi.

Tinayamba kumva kamawu kakang'ono, ngati ka kamwana ka mbuzi kali patali. Kenaka anakwinya nkhope, anakunga tizibakera, n'kulira kulira kwenikweni kwamwano kuja kumene kankatisowetsa mtendere kunyumba. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Amayi atamupatsa bere analigwira, poyamba mofooka, kenaka ndi dyera lake lonse. Amayi a tomato anayamba kuyamika Mulungu, ndipo wa mpango uja anautola mwakachetechete.

Abiti Juma sanalole kuti nkhani ithere pomwepo. Anakhoma golosale, anaimitsa minibasi, n'kukwera limodzi ndi amayi kupita kuchipatala, Yamikani ali ndi thewera lokha ndi chitenje chonyowa. Ine anandisiya ndikulonda mbatata, kajuzi kali pamiyendo panga.

Ndi mmene anandipezera atate atabwera ndi njinga. Anaona kajuzi kofiira, sanaone mwana, sanaone amayi. Njinga inagwera uko, iwo anakhala pansi pafumbi, manja kumutu. Ndinachita kuwagwedeza paphewa ndikukuwa kuti ali moyo, wayamwa, apita naye kuchipatala. Atamvetsa anadzuka, anavula jekete lawo lopitira kumsika n'kundiponyera, ndipo anapalasa njinga ali ndi malaya okha. Anthu a pa Chimbiya anaona zachilendo ziwiri tsiku limodzi: khanda lopanda juzi ndi atate opanda jekete.

Kuchipatala anawagoneka. Anamwino anati sichinali chibayo, koma kutentha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo anamumwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono. Atatuluka, amayi anasankha mbatata zikuluzikulu pa zimene sitinagulitse zija n'kukatula kwa Abiti Juma. Anakana, anakankhana nazo, mapeto ake analandira. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kuyambira pamenepo ankaitanana kuti achemwali, ndipo ine ndinaleka kuseka majuzi awo awiri.

Masiku amene anatsatira anali ovuta kwa amayi. Yamikani ankasewera pamphasa pansi pa mpichesi ali ndi kamalaya kokha, akuseka, iwo ali pambali ndi shawelo m'manja. Kamphepo kakangodutsa ankadzambatuka, kenaka n'kudzigwira. Anthu odutsa ankafunsa ngati zovala za mwana zapsa. Mvula itagwa, fungo la dothi litadzaza mudzi wonse, m'pamene ndinawaona akupuma bwino.

Lero Yamikani ndi chimunthu chandevu, amagulitsa mbatata pa Chimbiya pomwepo, ndipo jekete amavala paukwati pokha. Abiti Juma anabwerera kwawo atakalamba. Kutentha kumene tinkati n'kwachilendo kuja tsopano kumabwera chaka ndi chaka ngati mwini mudzi. Nkhalango inapyapyala, mtsinje wathu umauma msanga, ndipo m'masitolo a pa Dedza mukugulitsidwa mafani, chinthu chimene atate akanachiseka mpaka kutsamwa. Atsikana a masiku ano amabereka ana atawaphimba ndi ambulera, ndipo palibe amene amawanong'ona.

Mwana wanga woyamba anabadwa mwezi wa Okutobala, kukutentha ngati chaka chija. Amayi anabwera kudzandithandiza, imvi zili mbuu, kachikwama kali m'khwapa. Atasamba m'manja anatulutsa kajuzi kofiira kaja, kofwifwa tsopano, kakununkha sutikesi. Anakatambasula pamwamba pa mdzukulu wawo ngati akumuyeza. Kenaka anapisa zala ziwiri m'khosi mwake, monga ankachitira Abiti Juma, anasuzumira panja pamene nkhuku zinali kukamwa yasa, n'kukapindanso bwinobwino.

"Tikasunge," anatero. "Juni akubwera."

Juni anabweradi, ndi kamphepo kake kochepa. Amayi anatenga kajuzi kuti amuveke, koma mwanayo anali atanenepa, ndipo mkono unakanirira pachigongono. Anayesanso mkono winawo, nawo unakana. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo ine sindinawafunse kuti misoziyo inali ya ndani.