Madzi a pa Chitsime cha Abiti Bilali

Kwathu kuno kwa Nsamala mukafunsa za Fadila, anthu ayamba ayang'anana. Koma nenani kuti Abiti Bilali, aliyense akulozerani kumunsi kwa munda wa thonje, kumene kuli chitsime chawo. Ine ndinakula nawo. Tinkatola nkhuni thengo limodzi, ndipo ngakhale iwo amapemphera Lachisanu ine Lamulungu, tinkasinjira mtondo umodzi.

Chitsimecho chinakumbidwa ndi malemu mayi awo chaka china cha chilala, Fadila ali kamtsikana kotuta dothi ndi lichero lakutha. Si chakuya, munthu akagwada amatunga ndi chikho, koma sichinaphwepo. Mjigo utabwera pa sukulu ambiri anasamukira komweko. Ife a mbali ino tinakakamirabe kwa Abiti Bilali, poti mjigo uli kutali ndipo madzi ake ndi amchere. Ngakhale amuna opita ku mzikiti amatawaza pomwepo, kusamba kwa mapemphero kuja, asanakaswali.

Amuna awo, Che Usumani, anachokera ku Nsanama kudzakhala chikamwini. Ndi munthu wofatsa, wodziwa thonje, ndipo ndiwo ankabereka mpope kumsana popopera mbozi. Akamaliza ankatsukira mpopewo pambali pa chitsime, monga tonse tinkachitira.

Chaka china, thonje litangoyamba kuphuka, kunabwera mtsikana wina dzina lake Tamara, wogwira ntchito yoyeza dothi ndi madzi ku tauni. Anapeza Che Usumani akunola khasu, nawafotokozera kuti kuli mankhwala atsopano a mbozi, koma asanaloledwe kugulitsidwa pamafunika kudziwa kumene amapita akachoka pa tsamba: kaya amatha msanga m'dothi, kaya amalowa pansi mpaka kukafika ku madzi, kaya mvula imawakokolola. Ankapempha kachigawo ka munda kuti ayeserepo.

"Mayi, ine pano ndine mlendo," anatero Che Usumani. "Ndimangolima. Funsani eni dothi."

Abiti Bilali anatulukira kuseri kwa nkhokwe akupukuta manja pa chitenje.

"Mlendo wanji amene imvi zamerera pakhomo panga? Mwanangu, munda tengani. Koma muyezenso chitsime changa. Adzukulu anga amamwa pamenepo."

"Tiyeza, amayi."

"Nanga mukapeza choipa, mudzati tikwirire?"

Tamara sanawanamize. Anati mwina zikhoza kufika pamenepo. Ndinaona Abiti Bilali akuyang'ana kumunsi kuja, kenako anati, "Yezani basi."

Anapopera kachigawoko, ndipo Tamara ankabwerabwera ndi chitsulo chake chobowolera pansi, n'kumatenga dothi m'timatumba. Kenako mvula inakula, msewu wochokera ku Balaka unasanduka phala, galimoto osadutsa. Mtsikana uja anatumiza mabotolo kudzera mwa Ambrose wa kabaza, ndi uthenga woti adzazidwe madzi a pachitsime tsiku lomwelo, mvula itangokata kumene.

Abiti Bilali anatsikira kuchitsime n'kupeza madzi ali psuu, ovunduka ndi dothi la m'munda. Anatunga, nayang'ana m'chikho muja, nawakhuthula. Kwathu kuno mlendo sapatsidwa madzi otere. Umamutungira oyera, ngakhale zitengere kukapempha kwa mnzako. Tsono awa anali oti apite ku tauni, akawaone anthu ovala zoyera, n'kumati Abiti Bilali amamwa matope ngati bakha? Anamangira mabotolo aja m'chitenje, nayenda ulendo wonse wa ku mjigo, nadzaza madzi oyera mbee. Ambrose anangolandira n'kupalasa.

Mvula itayamba kuchepa, Tamara anabwera nkhope ili mwee. Ine ndinalipo, tikusenda mtedza wauwisi pakhonde.

"Amayi, nkhani ndi yabwino. M'madzi mwanu mulibe kanthu. Kungoti mchere wachulukirapo, zomwe zatidabwitsa."

Che Usumani anayamika Mulungu. Koma mnzanga Abiti Bilali manja anaima. Akanangokhala chete, chitsime cha mayi awo chikanatchuka kuti n'choyezedwa, chopanda banga, ndipo nkhani yokwirira ikanathera pomwepo. Anayang'ana kamdzukulu kawo kakang'ono kakumwa m'chikho pafupi ndi mtsuko.

"Mwanangu," anatero, "madzi aja si a pachitsime. Ndinakatunga ku mjigo. Anga anali ofiira, ndinachita manyazi."

Che Usumani anawomba m'manja. "Ndiye nthawi yonseyi takhala tikudikira kuti atiuze za mjigo wa pa sukulu?"

"Inu alendo, khalani chete."

Tamara anaseka mpaka misozi, kenako anagwira dzanja la mayiwo. "Amayi, matopewo ndi amene tinkafuna. Ngati mankhwala akuyenda ndi mvula, ali m'menemo."

Panalibe kuchitira mwina koma kudikira dzinja lina. Chaka chimenecho mnzanga anachepa mawu. Ndinkamupeza kuchitsime akuzula udzu umene sunali wofunika kuzula. Mvula itabweranso anapoperanso kachigawo kaja, ndipo tsiku la chimvula choyamba Abiti Bilali anagwada okha m'matope, nadzaza mabotolo madzi ofiira aja osawasefa n'komwe.

Yankho linabwera. Mankhwala anapezekamo, ochepa, koma analimo ndithu. Ankalowa ndi madzi othamanga kuchokera m'mizere, chifukwa dothi lathu ndi lamchenga ndipo chitsime chinalibe mlomo. M'madzi amene Tamara anatunga yekha m'chilimwe munalibe kanthu. Iye anati zimenezi azipereka, pamodzi ndi za m'minda ina, kwa amene amagamula za mankhwalawo.

"Za iwowo n'zawo," anatero Abiti Bilali. "Ine ndikufunsa, tikwirire?"

"Iyayi, amayi. Mangani mlomo wa njerwa. Mizere ya kumunsi musamapoperenso, mubzalemo udzu wa vetiva kuti uzigwira madzi. Mpope uzitsukidwira kutali. Ndipo mukapopera, mvula n'kugwa, muzikamwa kaye a ku mjigo."

Che Usumani anadandaula ndi mizere yawo ya thonje, koma njerwa anaumba ndi iwo omwe, ndipo kumunsi kwa vetiva akazi awo anabzalapo nandolo. Ena a ife tinayambanso kutsukira mipope kuthengo, ngakhale alipo amene mpaka lero samva.

Mnzanga uja tsopano wakalamba ngati ine, maondo akumuvuta. M'dzinja, thonje likapoperedwa, ndiye amatsogolera adzukulu ku mjigo, akung'ung'udza njira yonse kuti tiyi wa madzi amchere sakoma. Koma dzinja likapita amabwerera pamalo pake. Amakhala pa mlomo wa njerwa uja m'mawa, mpango uli kumutu, n'kumatungira aliyense wodutsa, ndipo chitsime chikadali chodzaza.