Katundu Yense Panja

Achemwali anga sayankhulayankhula, koma ukawalakwira saiwala. Ntchito yawo ndi yopopera mankhwala ophera udzudzu m'nyumba za anthu. Mvula ikamayandikira amavala ovololo, majombo, magolovesi ndi chophimba kumaso, n'kubereka pampu kumsana. Akatero, ngakhale ine amene ndinayamwa nawo bere limodzi sindiwazindikira.

Kale ankasoka. Makina osokera anali a malemu mayi athu, ndipo anasiyira iwowo chifukwa ndiwo anali ndi luso. Ndiye panali alamu, amuna awo, bambo wa pakamwa pa shuga, amene tsiku lina ananyamula chikwama kukakhala ndi mkazi wina. Sabata yomweyo makina anasowa. Alamu analumbira kuti ndi akuba, kuseri n'kumanong'oneza achimwene athu kuti achemwali agulitsa okha chuma cha malemu. Achimwene anameza bodzalo lonse. Zaka zitatu osaponda pakhomo pa mlongo wawo, akakumana moni wake wa kunsonga kwa zala. Zinkandiwawa koopsa. Ndinkafuna kukawachititsa manyazi alamuwo pamsewu, koma achemwali ankandigwira mkono.

"Iwe, khala pansi. Makina si singano, adzaoneka."

Anthu amati analowa ntchito yopopera chifukwa cha mavuto. Ine ndimati analowa chifukwa ndi ntchito yokhayo imene mwini nyumba amakutsegulira yekha kuchipinda. Asanapopere, ufa, ndowa za madzi, mbale ndi zovala zimatuluka panja. Zolemera amazikoka kuzichotsa kukhoma, poti udzudzu umatera pakhomapo. Zaka ziwiri ankawatumiza kumadera ena, iwo osadandaula. Chaka chachitatu gulu lawo linapatsidwa msewu wa alamu.

M'mawa wa tsikulo anandiimbira foni. "Tenga achimwene, uwanamize chilichonse, mukaime pafupi ndi nyumba ija."

Alamu anali atapita kugalaja kumene amagwira ntchito. Pakhomo panali mkazi wawo watsopano, mwana ali kumbuyo.

"Bambo akunyumba anakaniza," anatero mkaziyo. "Akuti mankhwalawa amafoola amuna."

"Mayi, chimene chimafoola ndi malungo," achemwali anayankha chophimba chili kumaso. "Mwanayo wagonekedwa kangati m'chipatala?"

"Kawiri."

"Ndiye tulutsani katundu."

Katundu anatuluka, aneba n'kumathandiza, maso ali pa chilichonse monga mwa aneba. Achemwali analowa kuchipinda kukakoka wadilobu. Patapita kanthawi anatuluka akudzandira, atakumbatira chinthu chokulungidwa m'bulangete lakale. Anachiika pakati pa bwalo n'kuvundukula. Achimwene sanafunikire kuuzidwa. Pathabwa la makinawo panali chipsera cha simbi ya makala imene mayi anaiwala pamenepo tili ana. Achimwene anangogwira kumutu n'kukhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Anandiuza kuti ndi a malemu azakhali awo," mkazi uja anatero.

Achemwali anabwerera m'nyumba n'kupopera khoma ndi khoma, kuchokera kudenga kutsika pansi, osadumpha ngodya ngakhale imodzi. Ine ndikanakhala iwo, kaya. Koma anati mwana alibe mlandu. Atamaliza anatseka chitseko n'kulembapo ndi choko.

Wina anali atawaimbira kale alamu. Anafika wefuwefu, girisi m'manja, akukalipa kuti ndani walola zimenezi. Kenako anaona makina, anaona achimwene, anaona msewu wonse utaima. Analunjika kuchitseko kuti akadzitsekere.

Pamenepo m'pamene achemwali anavula chophimba chija.

"Pepani bambo, ndi lamulo la ntchito. Palibe wolowa mpaka patatha maola awiri. Mankhwala aume kaye, mungatsokomole."

Abale inu, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo sindikupepesa. Ndinakoka mpando wawo womwe pa mulu wa katundu, n'kuuika pakati pa mapoto ndi zovala zamkati, dzuwa likuswa mtengo.

"Khalani, alamu. Nthawi ilipo yambiri, anthuwa ali ndi mafunso."

Anakhala. Mkazi wawo ndiye anayamba kufunsa, ndipo sankanong'ona.

Achimwene sanawayang'ane n'komwe. Anadzuka, anasasa fumbi, n'kusenza makinawo paphewa. Anafika pamaso pa achemwali maso ali pansi, munthu wamkulu wa imvi zake.

"Mlongo wanga, ndikatule kuti?"

Achemwali anabereka pampu, poti nyumba zina zinali kudikira.

"Kwanga, achimwene," anatero. "Ngati njira mukuikumbukira."