Chitini cha Mankhwala a ku Nazale

Izi ndikunenazi si nthano ayi, zinandichitikira ine ndemwe kuno kwa Wimbe, ndipo Mulungu akundimva. Ine cholembera sindinachigwirepo, akulemba ndi mdzukulu wangayu, ndamuuza kuti asakongoletse, alembe momwe zikutulukira m'kamwa muno.

Inali nthawi yothyola fodya, mukudziwa inu momwe zimakhalira, aliyense wamphamvu ali kumunda kapena m'chigafa kusoka masamba, pakhomo pamatsala ife nkhalamba ndi makanda. Mwana wanga wamkazi anali ndi khanda lachimuna la miyezi isanu ndi iwiri, longoyamba kumene phala, ndiye ankandisiyira ine. Ndipo osati podzitama, phala langa linali phala, mgaiwa, soya wokazinga, nsinjiro, zonse kusefa ndekha, moti kusikelo ankachita kufunsa kuti mwanayu mukumudyetsa chiyani.

Vuto linali makoswe. Ufa wa mwana ndinkasunga m'kathumba, koma kukacha ndimapeza aboola, anyeramonso. Tsiku lina ndikusesa kuseri kwa chigafa ndinapeza chitini chapulasitiki, chotsekera chake chothina bwino, momwe munabwera mankhwala amene mkamwini wanga ankathira ku nazale ya fodya. Pansi pake panali patatsala tiufa ta mankhwalawo, ndinakutumula, kutsukuluza ndi madzi, kuyanika padzuwa. Zolembedwa pamenepo ndikanaziwerenga bwanji ine? Kachithunzi ka chigaza ndinakaona ndithu, sindingakane, koma ndinati bola ndatsuka. Fungo nalo sindinalimve, mphuno yangayi inafa kale ndi fodya wamphuno, komanso nyengo imeneyo chilichonse chimanunkha fodya, ndi zofunda zomwe. Ndinathiramo ufa wa mwana, ndikumadziyamikira kuti makoswe ndawakhaulitsa.

M'mawa mwake ndinaphika phala. Mwana analawa kawiri, kachitatu anapotoza khosi, mwana woti chikhalire phala sanalikanepo. Kodi sikunali kundiuza kumeneko? Koma ine ndi nzeru zanga zakale ndinamugoneka pamwendo, dzanja pakamwa pake, kumumwetsa monga tinkachitira ife, iye akulira, mpaka mbale inafika pakati. Lotsalalo ndinakhuthulira nkhuku kuseri kwa khitchini.

Dzuwa lisanafike pamutu mwana anayamba kutuluka dovu, thukuta thupi lonse, kusanza, kutsegula m'mimba, timanja tikunjenjemera ngati wagwidwa ndi mphepo. Ndinakuwa, mayi wake ndi bambo wake anathamanga kuchokera kuchigafa manja akadali akuda ndi utomoni wa fodya, azimayi nawo anadzaza pakhomo. Mmodzi anangomuyang'ana mwanayo n'kunena kuti ili ndi tsempho, bambo wake wayenda ndi mkazi wina mwana akadali wakhanda, poti sabata imeneyo anali atapita ku Boma kukagula ziguduli. Ndipo woyamba kuvomereza ndinali ine. Tinamukhazika pansi mkamwiniyo, mwana wa eni ake, kuti aulule, ena anapita kukakumba mizu. Iye ankalumbira, kumatipempha kuti zokambazo tikambe pambuyo, mwana apite kaye kuchipatala. Ine ndinamuyankha kuti pamudzi pano mkamwini salamula. Nthawi inkapita, anthuni, mwana akufooka m'manja mwa mayi wake.

Atatopa nafe, mkamwini wanga anadzuka n'kuzungulira kuseri kwa khitchini, mwina kukalira, ndiye kumeneko anakapeza nkhuku zitatu zitagona pambali pa phala lija, ziwiri zitafa, ina ikuphupha. Analowa m'nyumba mwanga, kenako anandiitana ndekha. Ndinamupeza atagwira chitini chija chili chotsekula. Sanakalipe, anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, ufa wa mwana munaika umu?"

Iye sanadikire yankho, anakweza mkazi wake ndi mwana panjinga, chitini m'chikwama. Kuchipatala anayesetsa, mwana wanga anandiuza kuti anamubaya jakisoni ndi kumuika madzi, koma anamwino anati mwachedwa naye, komanso pulasitiki imamwa mankhwala, ngakhale muitsuke kangati. Mwana anatisiya dzuwa likupendeka.

Maliro atatha, mkamwini wanga anatenga nkhwangwa, anachidula chitini chija n'kuchikwirira kutali ndi chitsime. Sanauze munthu, ndipo anamuletsa mkazi wake kunena, akuti amayi akalamba, anthu adzawatcha mfiti. Nkhuku zija anthu anati ndi chitopa. Tsono mudzi wonse unapitiriza kunena kuti mkamwini wanga anasempha mwana wake, azimayi kumamuloza kumpingo ndi kumsika, ine ndikumva, pakamwa nditatseka. Anasenza dzina limenelo zaka zonsezi, akundilimira, akundifolerera nyumba, mpaka tinamuika m'manda chaka chathachi.

Amene akulembayu ndi mwana wake wa bambo ameneyo, mng'ono wake wa khanda lija, ndipo lero ndiye akumva koyamba. Waleka kulemba, akundiyang'ana. Lemba mwanawe, abambo ako analibe mlandu.

Za tsempho ine sindikutsutsa makolo, koma chimene ndikudziwa n'chakuti mdzukulu wanga sanaphedwe ndi tsempho kapena mfiti, linali phala lochokera m'dzanja langali. Ndiye inu akulima fodya, chitini kapena chigubu cha mankhwala chikatha, chibooleni, chikwirireni, chisalowe m'nyumba ngakhale chikongole chotani. Mwana akakana chakudya chimene amachikonda, musamupanikize, yambani mwafufuza. Ndipo akadwala mwadzidzidzi, nyamulani kaye kuchipatala, milandu sithawa. Ife tinakhala pansi kuzenga munthu wosalakwa, wolakwa ndili pomwepo, ndipo mwana sanatidikire.