Kusala Kudya kwa Wangongole

Nditasamutsidwira ku Rumphi Boma, ndinapita ndi ngongole ya katapila yomwe ndinatenga ku Zomba. Nditawerengera bwino malipiro anga, ndinapeza kuti ndalama zambiri zinkathera pa tchipisi cha masana. Ndiye ndinasiya kudya masana, ndalamazo n'kumaponya m'chitini.

Anzanga a mu ofesi atandiitana kuti tikadye, ndinachita manyazi kutchula ngongole. Ndinangoti, "Pitani, ine ndikusala kudya. Ndili pa mapemphero."

A Gondwe, mkulu wa mpingo amene tinkakhala tebulo limodzi, anandigwira chanza ndi manja awiri. "Yewo chomene, achimwene. Mwatichititsa manyazi ife akuluakulu."

M'mawa mwake anabwera opanda chakudya, kuti azisala nane. Miyezi isanu yathunthu bambo wachikulire uja ankamwa madzi okha masana, ine ndikumva mimba yawo ikulira.

Tsiku lomwe ndinamaliza ngongole, ndinakadya tchipisi kuseri kwa depoti ya minibasi, n'kupukuta pakamwa bwinobwino. Pobwerera mu ofesi ndinapeza a Gondwe atatsegula kale Baibulo, akundidikira.

"Lero mutitsogolere ndinu," anatero.

Ndinatsogolera, mafuta akadali m'zala.