Tsiku Limene Ruben Anagwira Dzanja la Apongozi

Ruben Sakala ndi wosoka nsapato pa msika wa ku Mfuwe, koma amagona kumudzi kwa mkazi wake, kuseri kwa mudzi wa Kawaza. Iye si wa m'chigwa muno. Anatsika kuchokera ku Katete atatsatira mkazi wakeyo, Winnie, namanga nyumba pachikamwini. Njinga alibe, ndipo wa njinga yamoto akamuimikira, iye amangopukusa mutu. Akuti munthu wosoka nsapato ayenera kudziwa mmene nsapato imathera. Choncho m'mawa uliwonse amatenga kachikwama ka zisongole zoboolera nsapato ndi ulusi, n'kulowa kanjira kachidule kodutsa m'minda ya thonje, m'tchire la mitsanya, kuoloka kamtsinje ka mchenga mpaka kukatulukira pa msewu wa tala.

Kanjirako kali ndi malamulo ake. Sunyamuka dzuwa lisanatuluke. Ukapeza ndowe za njovu umaziponda pang'ono kuti umve ngati zikadali zofunda. Ukakayika umatapa fumbi n'kuliwaza, uone kumene mphepo ikupita. Zonsezi Ruben anaziphunzira msanga, pakuti mantha ndi mphunzitsi wabwino. Koma chimene ankaopa kwambiri m'njiramo sichinali njovu ayi. Anali apongozi ake, amake Winnie.

Sikuti anali ankhanza. Kungoti kwawo kwa Ruben anamulera kuti mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, sadya nawo pamodzi, ndipo akakumana nawo m'njira amapatuka n'kunjuta. Anyamata a masiku ano mwambowu amaugwira ndi zala ziwiri, koma Ruben anaukumbatira ndi manja onse. Akangoona chitenje cha apongozi chikubwera, ankalumphira patchire osayang'ana n'komwe pogwera. Tsiku lina anagwera pa chitedze, nakanda thupi mpaka madzulo. Anthu ankamuseka, iye osalabadira. Mumtima ankadziwa kuti ndi mlendo wopanda m'bale m'chigwamo, ndipo ulemu ndiwo unali chuma chokha chimene anabwera nacho. Ankati ukangotayika umenewo, banja lake lagwedezeka.

Ndiye kunadza m'mawa wina wa nyengo ya mango. Ruben atangopitirira minda anaona patsogolo pake dengu lalikulu likuyenda, pansi pake pali amake Winnie, ulendo wokagulitsa mango ku Mfuwe. Mutu unamukulira. Kanjirako n'kopapatiza, ndipo kupitirira apongozi phewa ndi phewa kunali kosatheka. Anangochepetsa liwiro n'kumatsatira chapatali. Mayiwo ankayenda mwachifatse, akuimba nyimbo ya kwaya. Akaima kukonza nkhata, Ruben naye ankaima n'kumayang'ana mitambo.

Atayandikira mtengo waukulu wa mvunguti wa pafupi ndi kamtsinje, Ruben anaona chimene mayiwo sanachione chifukwa dengu linkawaletsa kutembenuza khosi. Kumanzere, pakati pa mitsanya, khutu lalikulu linakupiza. Inali njovu yamphongo, yokhayokha. Anatapa fumbi n'kuliwaza, ndipo fumbilo linauluka molunjika kwa njovuyo. Fungo la mango linali litafika kale, poti chitamba chinali m'mwamba.

Kukuwa sakanatha, njovu ikanadzidzimuka. Kuwaitana apongozi mwachindunji, pakamwa panakana. Anathamanga monyang'ama, nanjuta pambali pa njira, nkhope atalozetsa ku mtengo.

"Iwe mvunguti," ananong'ona mwamphamvu, "uwauze amayi kuti aime."

Amake Winnie anaima. Mwambo ankaudziwa bwino, choncho nawonso anayankha mtengo womwewo. "Mvunguti, uwafunse atate a kunyumba kuti kwagwanji. Nifuna nikafike pa maketi isanakwane eyiti awazi."

"Mvunguti, uwauze atule dengu pansi. Kuli akuluakulu kumanzere."

"Nitule mango yanga? Mvunguti, uwauze kuti mango aya nathyola neka, palibe ananithandiza."

Mtengo wa mvunguti sunayambe wagwirapo ntchito yaunkhoswe yotere. Koma njovu siidikira kuti milandu ithe. Nthambi inathyoka kuti thyo, ndipo chimutu chotuwa chinatulukira poyera, chikubwera mosafulumira ngati mwini wake wa mangowo.

Apa Ruben anaiwala za ku Katete zonse. Anadzambatuka, nakankha dengu lija kuti ligwe, nagwira dzanja la apongozi ake n'kuwakokera kumbuyo. Anatsika nawo m'kamtsinje, nadutsa mumchenga chowerama, nakwera tsidya linalo mpaka kuseri kwa chulu. Njovu sinawalabadire n'komwe. Inaima pa dengu n'kuyamba kutola mango limodzilimodzi, maso ali tsinzinitsinzini.

Mpamene Ruben anazindikira kuti dzanja la apongozi likadali m'dzanja lake. Analitaya ngati wagwira mbaula, nagwada, maso pansi. Mantha a njovu anatha, kunabwera ena oposa. Wawakankhira dengu, wawagwira, wawathamangitsa ngati kamwana. Ankaona kale ankhoswe atakhala pabwalo, iye akumanga kachikwama kake kubwerera kumtunda. Anafunafuna mtengo woti apepesereko, koma pafupi panalibe ngakhale chitsamba.

Amake Winnie anakhala pansi, akupuma mwawefuwefu. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ruben anayesa akulira, koma kunali kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, atatseka pakamwa ndi chitenje kuti njovu isamve.

"Atate," anatero akupukuta misozi, "niyang'aneni."

Ruben anayang'ana chulu.

"Nati niyang'aneni ine. Zaka zonse izi nimangoona msana wanu ukulowa m'tchire. Anzanga akanifunsa kuti mkamwini wanu aoneka bwanji, nilibe choyankha."

Pang'onopang'ono Ruben anadzutsa mutu. Anaona nkhope yofanana ndi ya Winnie, ya mpata pakati pa mano, ndipo anachita manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi.

"Amayi, munikhululukire. Nalakwa maningi."

"Mwalakwa, inde. Mango yanga yapita," anatero mayiwo. "Manje tiyeni. Muzayenda pambali panga, osati kumbuyo monga mbuzi yogula."

Anazungulira kutali, nakatulukira pa tala dzuwa litakwera. Analowa mu Mfuwe ali phewa ndi phewa, mayiwo akulongosola nkhani ndi manja, Ruben akuyenda mowuma ngati wavala nsapato zatsopano. Amayi ogulitsa tomato pa msika anasiya kuitanira malonda. Mmodzi wa iwo, a Queen, anafuula.

"Amake Winnie! Si apongozi anu awa? Muyenda nawo bwanji pamodzi?"

"Mkamwini nasiya pa mvunguti," anayankha amake Winnie, atagwira mkono wa Ruben pamaso pa msika wonse. "Uyu ni mwana wanga. Mupatseni mpando, wathamanga."